Cyprian ndi Kompyuta Yosanama

Mu ofesi ya parishi ina ya kufupi ndi malire, kumadzulo kwa boma la Mchinji, mudali matebulo awiri ndi zenera limodzi. Tebulo la pazenera lidali la Mayi Felista, mayi wamasiye amene adasunga mabuku a ubatizo, a ukwati ndi a maliro kwa zaka khumi ndi zisanu ndi zinayi popanda munthu wowaloza chala. Tebulo la pakona, limene linkagwedera mwendo umodzi, lidali la Cyprian, mbadwa ya komweko, amene adaphunzira za makompyuta ku Blantyre, n'kugwirako ntchito miyezi ingapo ku Chipata, kenaka n'kubwerera kwawo. Nzeru adali nazo, ndipo pasakhale womuchotsera. Chimene adasowa ndi khutu.

M'chaka cha 2003 chiswe chidalowa m'kabati ya mabuku. Pamene anthu ankazindikira, mabuku ena a zaka za m'ma 1970 adali atasanduka ufa m'mbali, oti ukatsegula tsamba limatsalira m'manja. Bambo mfumu adalamula kuti maina onse asamutsidwire m'kompyuta zinthu zisanaipiretu. Mayi Felista adagwira ntchitoyo mwa njira yawo: dzina lililonse ankayamba alilemba ndi dzanja m'makope awo a mizere, kenaka n'kulilowetsa m'makina. Cyprian ankawaseka kuti akulima munda umodzi kawiri. Iwo ankangoyankha kuti, "Dzanja langa ndimalidziwa, mwana wanga. Makinawa ndangokumana nawo dzulo."

Maina adachuluka, malo osungira adachepa. Cyprian adapita ku boma kwa a Saidu, wamalonda amene ankabweretsa zipangizo kuchokera kutsidya kwa malire, n'kubwerako ndi bokosi la madisiki. Bokosilo lidali labwino, koma kompyuta siinkalidziwa. Pakati pa kompyuta ndi disiki pamafunika kapulogalamu kamene amisiri amakatcha draiva, popeza ndiko kamanyamula zolembedwa kuchoka mu memori, momwe kompyuta imaika zinthu kwa kanthawi pogwira ntchito, kukazitula pa disiki. Bokosi la a Saidu lidabwera lopanda draiva woyenera. Cyprian adatenga wa bokosi lina lofanana nalo, n'kumusoka ndi kumudula kwa masabata awiri, mpaka bokosi lidayankha. Tsiku limenelo adayenda pabwalo la tchalitchi ngati tambala wakuda.

Komabe adachita chinthu chimodzi chanzeru. Adasindikiza ntchito yakeyo pa mapepala n'kukaonetsa Bambo Jonasi, mkulu wina amene adagwira ntchito pa makompyuta akuluakulu ku Lilongwe kwa zaka zambiri asanapume. Bambo Jonasi adabwera mu ofesi, adavala magalasi, adawerenga mzere ndi mzere. Pa tsamba lachitatu adaima, n'kuzunguliza malo ena ndi inki yofiira.

"Iwe Cyprian, sendera kuno," adatero. "Udalowamo m'mabalani a fodya?"

"Ndakuliramo, bambo."

"Ndiye umve. Memori ya kompyuta amaigawa m'masamba, ndipo masambawo ali ngati mizere ya fodya m'balani. Ya m'munsi umaifika uli chiimire. Malo ake sasintha. Ubwere lero, ubwere chaka chamawa, uipeza pomwepo. Koma ya pamwamba sungaifike wekha. Umapempha makwerero kwa kapitawo, ndiye pulogalamu yaikulu yoyendetsa makina onse. Iye amakuimikira pa tsamba lako, iwe n'kutsitsa katundu wako, n'kubweza makwerero, chifukwa ndi owerengeka ndipo ofuna kukwera ndi ambiri. Ukafunanso, upemphenso. Tsono taona chimene wachita apa. Wapempha kamodzi, wabweza, kenaka ukubwereranso kudzakwera pamalo pomwepo osapempha. Nanga kapitawo akakhala kuti wawasunthira pa tsamba la munthu wina?"

"Ndiye kuti makina aima, tidziwa."

"Akadaima bwenzi zili bwino. Saima. Utsitsa katundu wa mwini, n'kukamulemba pa disiki m'dzina la wina, makina ali duu, osalira ngakhale pang'ono."

Cyprian adamwetulira kumwetulira kwa munthu amene wapeza pothawira. "Bambo, zimene mukunenazo ndi zoona m'buku. Koma makina athuwa alibe pamwamba. Memori yake ndi yaing'ono, masamba onse ndi a m'munsi. Ndikwere kapena ndisakwere, ndipeza tsamba lomwelo. Ndayesa kambirimbiri."

"Lero alibe pamwamba. Kodi mwana amakwawa mpaka kale? Ndi mizere inayi yokha imene ndikukuuza kuti usinthe. Pempha, tenga, bweza. Usagwirenso pamene wabweza."

"Ndamva, bambo. Ndikonza."

Sadakonze. Ntchito idali kuyenda, anthu adali kumuyamikira, ndipo kubwerera pa chinthu chimene watamandidwa nacho kumawawa ngati kudzichotsa munga wekha. Bambo Jonasi atatuluka, tebulo lidagwedera monga mwa nthawi zonse. Cyprian adapinda tsamba lachitatu lija kanayi, n'kuliika pansi pa mwendo waufupi. Tebulo lidakhazikika. Ndiyo ntchito yokha imene uphungu wa mkulu uja udagwira kwa zaka ziwiri.

Owerenga amvetse bwino pano, chifukwa ambiri amaganiza kuti cholakwa chimene sichidabale chipatso chaka choyamba ndiye kuti chidauma. Mlandu suola. Umangogona pansi ngati mbewu ya kaufiti, kudikira kuti wina adzale chimanga.

M'chaka cha 2005 kudabwera alendo ochokera ku parishi ina ya kunja, ndipo mwa mphatso zawo mudali tizidutswa ta memori yowonjezera. Nthawi imeneyo Bambo Jonasi adali atasamukira ku munda wawo kwa Zulu, miyendo ikuwavuta, ndipo ku parishi sankabweranso. Cyprian adalowetsa tizidutswato yekha. Makina adathamanga ngati awachotsa goli. Pomanga zomangira zomaliza, kanthu kena kadamulasa mumtima, pakuti tsopano balani lija lidakhala ndi pamwamba. Adayatsa, adatsegula maina angapo, onse adaoneka bwino. "Nkhalamba zimaopa ndi mthunzi womwe," adadziuza, n'kutseka chivundikiro.

Patatha masabata atatu kudabwera a Jailosi, mlimi wa mtedza, atanyamula khadi la mwana wawo limene lidasindikizidwa pokonzekera Ukaristia woyamba. Sadapereke moni. Adaliponya pa tebulo la Mayi Felista.

"Mayi, tandiwerengerani. Mwana wangayu bambo wake ndani?"

"Si inu nomwe, a Jailosi?"

"Inenso ndimayesa choncho. Koma pepala la tchalitchi likuti ndi Gerald Mbewe. Gerald wake uti? Masiku atatu tsopano sindikugona pakhomo. Apongozi akuti ndapenga, mkazi akungolira. Inu a muofesi mukudziwa chiyani chimene ine sindikudziwa?"

Mayi Felista adatsegula kope lawo. M'menemo dzina la bambo lidali Jailosi, lolembedwa bwinobwino. Adapepesa, adakonza m'makina, adasindikiza khadi lina. A Jailosi adalitenga, koma potuluka adayang'ana makhadi awiriwo mosinthanasinthana, ngati munthu amene sakudziwa kuti lonama ndi liti.

Sabata yotsatira kudabwera a Kwacha, woimbitsa kwaya, mwamuna wa mawu ngati ng'oma. Iwo adafuna kalata yoti akakhale mboni ya ubatizo, ndipo makina adayankha kuti a Kwacha adaikidwa m'manda mu 1998.

"Ha! Ndiye amene wakhala akukuimbitsani Lamulungu lililonse ndi mzukwa?" adakuwa. "Mudandiika kuti? Nanga bwanji simudandiitane kuti ndidziimbire?"

Anthu adaseka pabwalo, koma kuseka kudatha msanga. Buku la tchalitchi si nyuzipepala. Munthu wa kumudzi, amene mwina alibe chikalata china chilichonse, amadziwa kuti ku parishi kuli malo amodzi pamene dzina lake, la bambo wake ndi la mkazi wake zidalembedwa moona. Malo amenewo akayamba kugwedezeka, mudzi wonse umayang'anana.

Apa ndi pamene Cyprian adasankha njira yake. Akadawerama n'kusolola pepala lija, nkhani ikadathera pomwepo. Koma kuwerama kudamukanika. M'malo moyang'ana pansi pa tebulo lake, adayamba kuyang'ana tebulo la pazenera.

Ndipo diso lokayikira silibwerako chimanjamanja. Cyprian adakumbukira kuti Mayi Felista adakanganapo ndi apongozi a a Jailosi pa za malire a dimba. Adakumbukira kuti adachoka m'kwaya chaka china atasemphana mawu ndi a Kwacha. Adaona kuti masana satuluka kukadya ngati anthu ena, amatsala mu ofesi ndi mbatata yawo. Adaona kuti makope aja amawatsekera m'chikwama n'kupita nawo kunyumba. Chifukwa chiyani munthu asunge mabuku akeake pambali pa mabuku a tchalitchi? Adakumbukiranso kuti mayiwo adabadwira kutsidya kwa malire, ndipo mwezi ndi mwezi amakwera matola kukaona mchemwali wawo. Zinthu zonsezi adazidziwa kuyambira kale, ndipo kale sizinkatanthauza kanthu. Tsopano chilichonse chidamera mano.

Adayamba kutchera misampha. Popita kukadya ankawaza phulusa pang'ono pa mabatani a kompyuta. Akabwera n'kupeza phulusa lasokonekera, ankati wagwira umboni, osakumbukira kuti mlembi walembedwa ntchito kuti azigwira mabatani. Adasintha mawu achinsinsi otsegulira makina, kuti mayiwo asamalowemo iye palibe. Zolakwika zidapitirira. Munthu wa mtima woongoka akadati, "Ndiye kuti si iwo." Cyprian adati, "Ndiye kuti amandisuzumira ndikamalemba."

"Cyprian, mwana wanga," adatero Mayi Felista tsiku lina, osatembenuka, "maso ako akundiotcha kumsana kuno. Ngati uli ndi mawu, lankhula."

"Ndilibe mawu, mayi. Ndikungodabwa kuti amene akuvutikawa onse ndi anthu amene inu mumawadziwa."

"M'parishi muno alipo amene sindimudziwa? Ndi iwe wemwe ndidakulemba ndine tsiku limene udalimbitsidwa."

Mawu a mu ofesi adatulukira pazenera, monga amachitira mawu. Ku chigayo kudamveka kuti mlembi akubwezera adani ake. Ku msika kudamveka kuti amasintha maina kuti anthu a kutsidya azioneka ngati obadwira kuno. Amayi a mphakati, amene ankasonkhana pakhomo pa Mayi Felista Lachinayi lililonse, adayamba kupeza zifukwa zosonkhanira kwina.

Khonsolo ya parishi idakumana Loweruka lina m'mawa. Pakati pa akuluakulu padali a Lameki, munthu wosalankhula kawiri, amene adakwatira m'deralo koma kwawo kudali kwa Chiosya. Iwowa adali amalume a Sheila, mtsikana amene Cyprian adamutomera, ndipo adali kale nkhoswe ya kuchikazi. Cyprian adadziwa kuti a Lameki akumuyeza pa chilichonse, choncho adaimirira mwaulemu, n'kulankhula momveka.

Bambo mfumu adafunsa funso lolunjika: "Cyprian, kodi sizingatheke kuti vuto lili m'makina?"

Pamenepo chithunzi cha inki yofiira chidadutsa m'maso mwake. Adachikankha.

"Bambo mfumu, akuluakulu nonse, kompyuta siinama. Ilibe mdani, ilibe dimba, siimba kwaya. Imabweza chimene yapatsidwa. Ngati mwatuluka bodza, alipo amene adalilowetsa ndi zala zake. Dzina sinditchula."

Sadafunikire kutchula. A Lameki adagwedeza mutu pang'onopang'ono, n'kubwereza chapansipansi kuti, "Kompyuta siinama." Khonsolo idagamula kuti Mayi Felista akapume kunyumba kufikira nkhani itafufuzidwa, ndiponso kuti asamawerengenso mawu a Mulungu pa Misa. Aliyense adadziwa kuti kupuma kotero kulibe tsiku lobwerera.

Mayi Felista sadalire. Adatenga chikwama chawo, n'kufunsa ngati makope angapite nawo. Cyprian adati atsale, koma bambo mfumu adati ndi dzanja lawo, apite nawo. Ali pakhomo adatembenuka.

"Chiswe chidadya mabuku ine ndili pano, ndipo palibe adati Felista ndiye wadya. Tsalani bwino."

Anthu adayembekeza kuti tsopano mabuku akhala chete. Cyprian adatsegula dzina lake lomwe sabata imeneyo, pofuna kuona ngati mayiwo adamuchitira chipongwe asanachoke. Adalipeza loyera: wobatizidwa mu 1976, wolimbitsidwa mu 1989, malo a ukwati opanda kanthu. Adapuma.

Koma zolakwika sizidapite ndi Mayi Felista. Mwana wa ku Kapiri adapezeka ndi amayi awiri. Mkwatibwi wa chaka chatha adapezeka atakwatiwa asanabadwe. Cyprian ankazigwira zisanatuluke pakhomo, n'kuzikonza mwakachetechete pofunsa eni ake mochenjera, uku akudziuza kuti ndi mabomba amene mayi aja adakwirira kale. Miyezi itatu adakhala chotero. Nthawi zina phazi lake linkagunda pepala lopindidwa lija, ndipo ankalibweza phazilo msanga ngati laponda khala la moto. Mumtima ankadziwa. Koma kudziwa kumene munthu sakufuna kukudziwa kumakhala ngati mlendo amene wamusiya panja: umamva akutsokomola, koma chitseko sutsegula.

Tsono mu mpingo muli mwambo umene aliyense wokwatira amaudziwa. Munthu akamanga ukwati, kulikonse kumene wamangira, uthenga umabwerera ku parishi kumene adabatizidwa, ndipo ukwatiwo umalembedwa pambali pa dzina lake m'buku la ubatizo. N'chifukwa chake asanalengeze ukwati watsopano amafuna kalata ya ubatizo yatsopano, yosonyeza kuti pambalipo palibe kanthu. Ukwati wa Cyprian ndi Sheila udali wokamangidwira kwawo kwa mkazi, ndipo a Lameki, monga nkhoswe, adabwera okha kudzatenga kalatayo.

"Khalani pansi, amalume, ndi kanthawi kochepa," adatero Cyprian mokondwa.

"Ndiima. Ndikufuna ndione mmene amatulukira mapepala osanamawa."

Makina osindikizira adalira, pepala lidatuluka, ndipo a Lameki adalitenga Cyprian asanaliwerenge. Adaliyang'ana nthawi yaitali. Kenaka adawerenga mokweza, liwu ndi liwu.

"Adakwatira Esitele Tembo, mu 1999, kutsidya kwa malire." Adatsitsa pepala. "A Cyprian, 1999 mudali kuti?"

"Ndidali... ndidali ku Chipata, amalume, koma pa ntchito chabe. Esitele ameneyo sindimudziwa! Ndi zolakwika izi!"

"Walakwitsa ndani? Mayi aja adachoka kalekale."

"Ndi makinawa, amalume. Nthawi zina..."

"Makina?" A Lameki adapinda kalatayo bwinobwino, n'kuiika m'thumba la jekete. "Ine ndidali pa khonsolo. Kompyuta siinama. Ilibe mdani, ilibe dimba. Mudanena ndinu, ife tidangovomera. Ndiye musandiuze lero kuti yaphunzira kunama itafika pa dzina lanu. Tengani buku lakale tione."

Buku la 1976 lidali limodzi mwa aja adasanduka ufa. Tsamba la Cyprian lidatha m'manja mwa Mayi Felista tsiku limene ankalikopera.

"Ndikupatsani masabata awiri," adatero a Lameki. "Kupitirira apo, mwana wa mlongo wanga sakhala mkazi wachiwiri wa munthu."

Atatsala yekha, lingaliro loyamba la Cyprian lidathamangira komwe lidazolowera: mayi aja adanditchera. Koma ulendo uno njirayo idali yotseka, pakuti dzina lake adaliona yekha lili loyera mayiwo atachoka kale, ndipo kuyambira pamenepo palibe adakhudza makinawo koma iye. Kenaka adagwada pansi, adanyamula tebulo ndi phewa, n'kusolola pepala. Lidali lakuda ndi fumbi, lobooka pakati, koma inki yofiira idali chikhalire.

M'mawa mwake adapalasa njinga mpaka kwa Zulu. Adapeza Bambo Jonasi atakhala pakhonde, miyendo itatupa, akusankha mbewu ya mtedza. Mkuluyo adamvetsera zonse osamudula. Adatenga pepala lija, adaliyang'ana bowo la mwendo wa tebulo, n'kulibweza.

"Ndikuona kuti lidakuthandiza ndithu," adatero. "Memori mudawonjezera liti?"

"Miyezi isanu yapitayo, bambo."

"Ndipo mavuto adayamba liti?"

"Patangopita masabata atatu, bambo."

"Pita ukachite izi pamaso pa anthu. Chotsa memori yatsopanoyo, ulembe dzina limodzi pa disiki kachikwi makina ali otanganidwa, uwerenge. Onse adzafanana. Ubwezeremo, uchitenso chimodzimodzi. Udzaona maina a eni akulowererana. Ukatero usinthe mizere inayi ija. Zonsezi ndi ntchito ya m'mawa umodzi. Koma Felista umukonza ndi mizere ingati?"

Pobwerera, woyesa adakwera naye pa njinga. Adamunong'oneza kuti akonze makina mwakachetechete, anene kuti za Esitele ndi msampha wotsiriza wa mlembi woipa uja, ndipo anthu akhulupirira, popeza adakhulupirira kale. Koma a Lameki sadali munthu wokhuta ndi mawu. Adafuna cholembedwa, ndipo cholembedwa choona cha 1976 chidatsala malo amodzi okha pa dziko lonse.

Cyprian adawapeza Mayi Felista ku dimba, akuthirira mpiru. Adali ataonda. Cyprian adavula chipewa, adakhala pa mzere, n'kufotokoza za kalata ija, koma za pepala la inki yofiira adazilambalala.

"Kope la 1976 lilipo," adatero mayiwo, osaleka kuthirira. "Dzina lako lilimo, ndipo pambali pake palibe Esitele."

"Ndiye mundibwereke, mayi. Tsiku limodzi lokha."

"Ukalionetse ndani? A Lameki? Iwo aja adagwedeza mutu pa khonsolo?" Adaika pansi ndowa. "Taganiza, iwe wophunzira. Kope limeneli ndi dzanja la Felista. Felista ndi mayi wosintha maina, wobwezera adani, wogulitsa tchalitchi kwa anthu a kutsidya. Kope la munthu wotero lingachitire ndani umboni? Adzati wamunyengerera, walemba dzulo. Udathira dothi m'chitsime, lero wabwera ndi chikho."

Cyprian adaona kuti khomo lililonse limene adatsekera mayiwo lidamutsekera iye yemwe. Dzina lake silikadayera pokhapokha la Mayi Felista litayamba layera. Pamenepo adatulutsa pepala lija, n'kuulula zonse, kuyambira tsiku la Bambo Jonasi.

Mayiwo adamvetsera. "Udadziwa liti?"

"Kukayikira ndidayamba tsiku la a Jailosi."

"Khonsolo isanakumane."

"Inde, mayi."

Mayiwo adanyamulanso ndowa yawo. "Usandiuzire ku dimba kuno. Mpiru sudandinene. Ukanene kumene udanenera, ndiponso kumene adandiletsa kuwerenga. Ukatero kope lidzabwera lokha."

Loweruka Cyprian adanyamula makina kupita nawo pamaso pa khonsolo, ndipo adachita monga adauzira Bambo Jonasi. Popanda memori yatsopano, dzina limodzi lidabwerera lofanana kachikwi. Ataibwezera, akuluakulu adaona ndi maso awo dzina la mwana likutuluka ndi bambo wa mwini, popanda chala cha munthu kukhudza kanthu. Adawaonetsa pepala lobooka, adasintha mizere inayi, adayesanso, ndipo bodza lidaleka. Lamulungu, Misa itatha, adaima kutsogolo kwa mpingo wonse, n'kunena kuti Mayi Felista sadasinthe dzina la munthu ngakhale limodzi. Kuti wolakwa ndi iye, amene adachenjezedwa zaka ziwiri zapitazo n'kuika chenjezolo pansi pa mwendo wa tebulo. A Jailosi adadzuka, n'kukakhala pafupi ndi mkazi wawo, ku mbali ya amayi, osasamala za amene akuwaona.

Lolemba Mayi Felista adabwerera pa tebulo la pazenera ndi chikwama chawo. Padatenga miyezi isanu ndi iwiri kuyerekeza dzina lililonse la m'makina ndi la m'makope, ndipo munda umene Cyprian ankati ukulimidwa kawiri ndi umene udadyetsa parishi yonse. Amayi a mphakati adabwereranso pakhomo pawo Lachinayi, ali ndi manyazi ngati agalu akuba mazira. Mayiwo adawayalira mphasa.

A Lameki adabwera tsiku lomwelo la Lolemba. Adawerenga kope la 1976 ataimirira, adathokoza Mayi Felista mwaulemu, n'kuitanira Cyprian pakhonde. Adatulutsa kalata ija m'jekete, n'kuing'amba pakati.

"Za Esitele zatha. Mkazi ku Chipata mulibe, ndavomera."

"Zikomo, amalume. Ndiye tilengeze liti?"

"Simudandimvetse. Kulakwitsa makina si mlandu kwa ine. Ndi khasu lomwe limaphonya. Koma inu mudaona mayi wamasiye akusenza katundu wanu, mudamuthandiza kusenza, ndipo mudakhala chete miyezi itatu mukudya ndi kugona. Mudalankhula pokhapokha moto utafika pa denga lanu. Tsono m'banja mumalakwika zambiri, a Cyprian. Tsiku limene zidzalakwike kwanu, amene adzakhale pa tebulo la pazenera ndi Sheila. Ife a kwa Chiosya takambirana, ndipo mwini wakenso wavomereza. Mbeta yathu tidzaisunga."

Adavala chipewa, adatsika masitepe, osacheuka.

Cyprian adabwerera mu ofesi. Mayi Felista adali kuwerenga maina chapansipansi, chala chili pa mzere. Iye adakhala pa mpando wake, adaika zigongono pa tebulo, ndipo tebulo lidagwedera, pakuti pansi pa mwendo padalibenso kanthu.

Amene amagwira ntchito zimene anthu ena sangathe kuziona m'kati, kaya ndi za makina, za mankhwala kapena za malamulo, asunge nkhani iyi. Anthu amawakhulupirira chifukwa alibe njira yowayesera, ndipo chikhulupiriro chotero ndi makwerero obwereka: umakwera utapempha, ndipo suponda pamene sudaloledwe. Cyprian adasiya mizere inayi, n'kutumiza cholakwa chake kwa a Jailosi, kwa a Kwacha, ndi pamutu pa mayi wosalakwa. Chidazungulira parishi yonse, khomo ndi khomo, koma njira ya kwawo sichidaiwale. Akuluakulu adaona zotere kalekale, makina asanabwere, pamene adati: choipa chitsata mwini.